Ulemu wa wofera dziko umachokera kwa otsala

Achimwene, mwafunsa kuti zimatheka bwanji munthu mmodzi yemweyo ena kumutcha wofera dziko kapena wofera chikhulupiriro, ena n'kumati ndi chigawenga, komanso ngati atolankhani amalakwa akamaonetsa nkhope za anthu odziphulitsa ndi mabomba. Ndiyankhe momwe ndikuonera ine.

Wakufa sadziveka yekha ulemu umenewu. Amamuveka ndi otsala: andale, atsogoleri a zipembedzo, ojambula zithunzi. Pa 16 June 1976 apolisi anawombera ana a sukulu ambiri ku Soweto, ku South Africa, koma dzina lomwe linamveka dziko lonse ndi la Hector Pieterson, chifukwa Sam Nzima anamujambula atanyamulidwa m'manja, mlongo wake akuthamanga pambali akulira. Ku Tunisia, Mohamed Bouazizi, wogulitsa zipatso, anadziyatsa moto pa 17 December 2010, ndipo mwezi usanathe pulezidenti Ben Ali anathawa m'dzikomo. Mphamvu ya maliro ndi imeneyo, ndipo anthu oipa nawonso amaidziwa bwino. Horst Wessel, mnyamata wa gulu lachiwawa la chipani cha Nazi, ataphedwa ku Berlin mu 1930, Joseph Goebbels, mkulu wofalitsa mabodza a chipanicho, anamusandutsa ngwazi yokopera achinyamata ena.

Komabe ine sindivomereza zoti zonse zimangotengera mbali yomwe waima. Malire alipo. Steve Biko, yemwe ankalimbana ndi tsankho ku South Africa, anafera m'manja mwa apolisi mu September 1977 atamenyedwa; moyo womwe unatayika unali wake. Wolowa mumsika kapena m'nyumba yopemphereramo atamanga bomba m'chiuno wasankhira imfa ana a eni, omwe sanamulakwire kanthu. Ameneyo ndi wakupha, ngakhale nayenso wafera pomwepo. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti omutumawo sadzimanga bomba okha. Boko Haram ku Nigeria yakhala ikutuma ngakhale atsikana aang'ono, akuluakulu ake ali phee kutchire. Ndipo tisamate nkhaniyi pa chipembedzo chimodzi: mayi amene anadziphulitsa n'kupha Rajiv Gandhi, yemwe anali nduna yaikulu yakale ya India, mu 1991 anatumidwa ndi Tamil Tigers a ku Sri Lanka, omwe ankamenyera dziko lawolawo. Magulu odzitcha achisilamu nawo apha Asilamu anzawo osawerengeka.

Za atolankhani tsono. Chigawenga chimafuna anthu oonerera; ophedwawo ndi njira chabe yofikira kwa inu ndi ine. Munthu amene anapha anthu 51 m'mizikiti iwiri ku Christchurch pa 15 March 2019 ankaulutsa pa Facebook za pa mzikiti woyamba zikuchitika, ndipo kampaniyo inanena kuti inachotsa makanema 1.5 miliyoni a chiwembucho m'maola 24 oyamba. Jacinda Ardern, nduna yaikulu ya New Zealand nthawi imeneyo, anakana kutchula dzina la wakuphayo, napempha anthu kuti azitchula maina a ophedwa. Ndikuona kuti anachita bwino. Nyuzipepala ikaika nkhope ya wakupha patsamba loyamba, n'kusindikizanso uthenga womwe anasiya, yamugwirira ntchito yomwe ankafuna, ndipo mnyamata wina wokwiya ali kwinakwake akuona kuti njira yotchukira ndi imeneyi. Ifenso tikamatumizirana makanema otere m'magulu a pa foni timakhala tikuthandiza ntchito yomweyo.

Koma musamve ngati ndikuti atolankhani azitseka pakamwa. Boma lililonse lopondereza limakonda kutcha otsutsa ake zigawenga, ndipo kukakhala chete limapha mosaopa. Biko atamwalira, nduna ya apolisi Jimmy Kruger inauza anthu kuti anafa chifukwa chodzikaniza chakudya. Anali atolankhani, Helen Zille wa Rand Daily Mail ndi Donald Woods wa Daily Dispatch, amene anaumirira mpaka zinadziwika kuti anavulazidwa m'mutu. Nkhani ilembedwe yonse: anafa ndani, anawapha ndani, anatuma ndani, ndalama zinachokera kuti. Chimene ndikukana ndi kupatsa wakupha malo aulemu pomwe ophedwa angotchulidwa ngati chiwerengero.