Njinga yamotoyo musagulitse achimwene, imvani zanga kaye

Achimwene, njinga yamotoyo musagulitse. Ndawerenga positi yanu pagulu pano kuti mukufuna isanduke mpamba wogulira mayina a mawebusaiti (ma domain) othera ndi .ai oti muzidzagulitsa, ndipo mtima wandipweteka ngati zandichitikira dzulo. Ambiri akuyankhani kale kuti "pitani nazo bwana, kumeneko kuli madola", koma ndikukayika ngati alipo mmodzi mwa iwo amene analipirapo renewal, malipiro oti dzina likhalebe lake nthawi yake ikatha, ndi ndalama ya m'thumba mwake. Ine ndinalipira, mpaka lero ndikulipirabe. Mundikhululukire, ndilemba zambiri.

Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kusindikiza mapepala ku Luwinga, mumzinda wa Mzuzu. Ana a ku Mzuni akatsekera, geni imagona, ndiye mu 2022 ndinkangokhalira YouTube. Kumeneko ndi kumene ndinamva za voice.com, dzina lomwe linagulitsidwa madola 30 miliyoni mu 2019. Nkhaniyo ndi yoona, koma oifotokozawo sakuuzani za mulu wa mayina amene eni ake amangowadyetsa chaka ndi chaka popanda wofunsa n'komwe mtengo. Pa Black Friday ya November 2022 ndinagula mayina 42 a .xyz tsiku limodzi, poti chaka choyamba linali dola imodzi kapena awiri basi, komanso ankati ngakhale Alphabet, mwini wake wa Google, ali pa abc.xyz. Patangopita masiku ochepa ChatGPT inatuluka, dziko lonse n'kuyamba kukuwa AI, AI. Mu March 2023 ndinatenga ndalama yomwe ndinkasungira printer yachiwiri n'kugula mayina atatu a .ai. Dziwani kuti .ai sagulitsa chaka chimodzi, mumalipiriratu zaka ziwiri. Ine lililonse linandidya madola pafupifupi 150.

Ndalama imeneyo mbali yaikulu imapita ku Anguilla, kachilumba ka ku Caribbean ka pansi pa Britain, komwe anthu ake safika n'komwe 20,000. Zilembo ziwirizo ndi zawo, monga mmene .mw ilili yathu. Mu 2023 mokha boma lawo linapeza madola pafupifupi 32 miliyoni pa mayina amenewa. Iwo amadya inu mugulitse, musagulitse. Registrar, kampani yomwe mumagulako dzinalo, naye amadya. Wodikira mvula ndinu nokha.

Miyezi isanu ndi itatu, zii. Munthu mmodzi yekha anandilembera, akuti andipatse madola 20.

Kenako maimelo a renewal anayamba kugwa. Dzina lija la dola imodzi, chaka chachiwiri madola 13. Chulukitsani ndi 42. Ndikadali kuganiza kuti ndisiye ati ndisunge ati, pa 9 November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndinagona ndi bilu ya K640,000, ndinadzuka nayo itapitirira K900,000, osagula chilichonse chatsopano. Ndikufuna mumvetse mmene mutu wanga unalili sabata imeneyo, chifukwa mbavazo zimadziwa kuti munthu wopanikizika saona bwino.

Lachiwiri lotsatira imelo inabwera. Chingerezi choyera, mwaulemu, munthu akuti ali ku Toronto, akuimira kampani yomwe ikufuna limodzi mwa mayina anga a .ai. Madola 9,000. Sananenerere n'komwe. Ndinatembenuza lisiti ya kasitomala n'kuwerengetsa kuseri kwake: K15 miliyoni ndi kanthu. Manja ankanjenjemera moti ndinalakwitsa kawiri. Ndinatseka shopu isanakwane 4 koloko, ndinagula nkhuku pa Zigwagwa, ndinafika kunyumba ku Chibavi n'kuwauza mayi a kunyumba kuti za lendi zatha, tikagula puloti ku Nkhorongo. Anagwada pasimenti n'kupemphera. Zimenezi ndi zimene zimandiwawa kuposa ndalamayo.

M'mawa mwake imelo ina: mabwana ake avomera, koma a za chuma akufuna satifiketi yotsimikizira mtengo wa dzinalo, amati appraisal. Ndinamutumizira ya ulere ija yomwe makina amakuwerengera pompo. Anakana, ati ya makina sakhulupirira, ikhale yopangidwa ndi munthu, ndipo anandipatsa link ya webusaiti imodzi yokha yomwe iwo amaidalira. Madola 120. Ndinaganiza kuti 120 n'chiyani pa 9,000? Khadi langa linakana katatu. Kubanki ndinaima pamzere theka la tsiku, n'kundiuza kuti forex kulibe, ndilembe fomu ndidikire. Ndiye ndinaimbira alamu anga a ku Johannesburg kuti alipire ndi khadi lawo, ine nditumize makwacha kwa apongozi kumudzi pa Airtel Money, pa mtengo wa kuseri womwe unali pamwamba kuposa wa kubanki. Makwachawo ndinalibe. Mayi a kunyumba anakatenga K250,000 ku banki m'khonde yawo, chiwongoladzanja 20 peresenti pamwezi, podziwa kuti December ndi wogawana ndipo ngongole zonse ziyenera kubwerera asanaphwanye bokosi.

Satifiketiyo inabwera, PDF yokongola ya chidindo chagolide, ikuti dzina langa ndi la madola 11,500. Ndinaisindikiza ya kala n'kuiika mu envelopu. Wa ku Toronto anayamikira, n'kunena kuti kwatsala kanthu kamodzi, loya wawo akufuna lipoti loti dzinalo silikuwombana ndi trademark ya wina aliyense. Webusaiti yomweyo. Madola 180. Apa m'mimba munandiwiritsa, sindinama. Ndinamufunsa bwanji osangochotsera pa 9,000 yomweyo? Anayankha mofatsa kuti malamulo a kampani salola, koma adzandibwezera zonse polipira, ndipo ndikachedwa atenga dzina lina kwa munthu wa ku India. Ndinali nditaika kale 120, nkhuku tinadya kale, puloti ndinalonjeza kale. Mayi anabwereranso kwa amayi anzawo. K400,000.

Lachisanu madzulo ndinali ndekha m'shopu, magetsi atathima, mvula ikugunda malata mwakuti sungamve wina akulankhula. Laputopu inatsala ndi mphindi zochepa, ndikugwiritsa hotspot ya foni. Ndinatumiza lipoti lija Lachitatu, Lachinayi osayankha, ndiye ndinalembanso kufunsa kuti ndalama itumizidwa liti. Sipanathe mphindi, imelo inabwerera: adiresiyo kulibe. Ndinatumizanso. Inabwereranso. Ndinayang'ana chilembo ndi chilembo kuti mwina ndalakwitsa, chonsecho ndinangodina reply. Apo m'pamene ndinachita chimene ndikanachita tsiku loyamba, ndinatsegula WHOIS, pomwe umaona tsiku lomwe dzina la webusaiti linalembetsedwa, n'kulembamo dzina la webusaiti ya masatifiketi ija, yomwe pamwamba pake inkadzitama kuti yagwira ntchito zaka 15. Inalembetsedwa masabata asanu apitawo. Ndinalembamo domain ya imelo ya wogula uja. Tsiku lomwelo, registrar yemweyo. Munthu mmodzi, zipewa ziwiri. Laputopu inathima ndikuyang'anabe. Ndinakhala mumdimamo kaya nthawi yaitali bwanji, envelopu ija ili patebulo, thukuta likutuluka kunja kukuzizira. Ndinayenda wapansi kuchoka ku Luwinga mpaka ku Chibavi, a njinga za kabaza, a sacramento aja, akuimba mabelu kundiitana, ine osawamva. Ndinapeza nsima ndi usipa atavundikira ndi mbale, ana atagona. Mayi anangofunsa liwu limodzi: "Atumiza?" Pakamwa panauma gwa. Anandiyang'ana, anadzuka, n'kukakhala kukhitchini mpaka usiku osayatsa kandulo.

Lamulungu lachiwiri la December amayi a banki m'khonde anabwera asanu ndi kope lawo, anakhala pakhonde pathu, anthu oyandikana nawo akuonerera. Sindikuwada, inali ndalama yawo ya feteleza ndi ya fizi. Ananyamula filiji yomwe mayi ankapangira mafilizesi ogulitsa kusukulu. Ine ndinagulitsa printer ya kala pa mtengo wolira kuti tiiwombole. Amene anapita kukakhala pagulu lija sabata iliyonse, kumanongʼonedwa, sanali ine.

Ndipo iwe wa ku Toronto, kaya uli kuti, kaya ndiwe mnyamata wa pafupi pompano, Mulungu akukuona. Munthu amene amakhala pansi n'kufufuza mayina omwe angoikidwa pamsika, n'kusankha wa ku dziko losauka podziwa kuti 9,000 imuzunguza mutu, ameneyo ndi mfiti yeniyeni. Unandifunsa za banja langa, unalemba kuti Mulungu adalitse ana anga. Ukudya madola 300 a mafilizesi a mkazi wanga ukugona tulo? Komanso inu amene mumagulitsa "kalasi ya domain flipping" pa WhatsApp K30,000, mukuonetsa ma screenshot a malonda a anthu ena, ndinu amodzimodzi. Ndinalipira kalasi yotero. Za renewal anangodutsapo, za chinyengo cha appraisal sanatchule ngakhale kamodzi, chonsecho ndi chakalekale, aliyense wokhalitsa pa geniyi amachidziwa. Nditafunsa pagulupo anandichotsa.

Sizinathere pomwepo. Mwa 42 aja linalipo limodzi labwino, liwu limodzi lachingerezi la zaulimi. Mkati mwa chipwirikiticho linatha nthawi. Dzina la .xyz likafa, registrar amakupatsa masiku ena, kenako limalowa mu redemption ya masiku 30 pomwe kuliwombola ndi ndalama ina pamwamba, ine anandiuza pafupifupi madola 100. Ndikanaitenga kuti? Pakatero pamatsala masiku 5, kenako limamasulidwa, ndipo alipo anthu a makina ongodikira mayina ogwa. Lero ndikalitsegula pamalembedwa kuti likugulitsidwa madola 2,500. Ndimalitsegulabe, sindidziwa chifukwa chake.

Ndiye achimwene, njinga imakupatsani ndalama madzulo alionse, dzina limakulandani madola chaka chilichonse, inu mukupeza makwacha. Musalowe. Pa K1 miliyoni iliyonse yomwe mungaike, dzifunseni ngati mudzathe kuipezanso pakatha zaka ziwiri, kwacha itagwanso, banki ikukana khadi.

Koma ngati mtima wakana kumva, ndiye gulani .ai yomweyo, musataye nthawi ndi zotchipa za dola imodzi. Limodzi kapena awiri, liwu limodzi lachingerezi lalifupi loti munthu akalimva pafoni alilembe osafunsa sipelo. Mawu a Chichewa kapena Chitumbuka, ngakhale akome bwanji, wogula wa madola sawadziwa. Dzina la kampani ya eni musayerekeze, akakusumirani ku WIPO, bungwe loweruza mikangano ya mayina otere kudzera mu ndondomeko yotchedwa UDRP, amalanda osakupatsani kanthu. Wogula weniweni sakuuzani kuti mulipire chilichonse, kaya satifiketi, kaya loya, kaya msonkho. Akafuna appraisal alipire yekha. Musapereke auth code, nambala yachinsinsi yosamutsira dzina kwa wina, ndalama isanafike kwa mkhalapakati ngati Escrow.com, kapena gulitsirani pa misika ya mayina ya Sedo ndi Afternic, iwo amadula gawo lawo koma tulo mumagona. Konzeranitu njira yolandirira ndalamayo. Ndipo aliyense wokulemberani, WHOIS kaye musanawerengetse za puloti, musanauze akunyumba.

Ndinene zoona, mu 2024 ndinagulitsa limodzi mwa atatu aja madola 600 kudzera pa Sedo, kwa munthu amene sanandifunse ngakhale dzina langa. Atadula zawo, banki n'kusintha pa mtengo wake, yotsalayo inabweza printer. Ndiye kuti ogula alipo. Awiri otsalawo ndinawalipirira mu March 2025, mayi a kunyumba asakufuna, ndipo limodzi ndi lomwe lija la wa ku Toronto. Sindingalisiye, ndikudziwa kuti ndi labwino. Mukapeza lotero musalilole kugwa ngakhale zitavuta bwanji, kongolani ngati kuli kofunika, koma osati ku banki m'khonde ya akazi anu.

Chomwe chikundidyetsa pano ndi china. Ndimapita kumaloji a ku Nkhata Bay ndi Chintheche, masukulu a pulaiveti a m'tauni muno, ndimawalembetsera dzina lawo la .mw kapena .com, n'kuwapangira kawebusaiti, chaka chikatha amandilipira makwacha oti ndiwasamalire. Ndi yochepa koma imabwera. Njingayo ingakufikitseni kwa makasitomala otero tsiku limodzi asanu.

A admin, chonde positi iyi muikhomere pamwamba. Ndipo wina aliyense muno akalandira imelo yotchula appraisal, aike screenshot pagulu pano asanatumize ngakhale tambala, nditha kuona WHOIS yake ine ndemwe, ngakhale pakati pa usiku.