Funsani Aphunzitsi: Chigololo amachitcha chiyani m'Chiairishi?

Funso: Aphunzitsi, ine ndimakhala ku Galway, mzinda wa ku Ireland, ndipo mwana wanga amaphunzira Chiairishi kusukulu. Tsiku lina akuwerenga Malamulo Khumi anandifunsa tanthauzo la "adhaltranas", ine kukamwa yasa. Kodi liwuli likutanthauzanji, ndipo linachokera kuti? Ndine mayi wa ku Galway.

Yankho: Mayi, liwulo ndi chigololo. Musaope kuchuluka kwa zilembo. "Adh" wakumayambiriroyo amamveka ngati "ai", choncho mukati "ailtranas" simunapite patali.

Aairishi nawo amati munthu "wachita" chigololo, monga timanenera ife. Lamulo lija limati "Ná déan adhaltranas". "Ná" ndiye kuletsa, "déan" ndi kuchita, ndiye kuti "Usachite chigololo" ndendende. M'Chiairishi maina amagawidwa aamuna ndi aakazi, ndipo ili ndi lachimuna. Poti limayamba ndi "a", likatsatira kaliwu koti "an" (kofanana ndi "the" wa Chingerezi) limatenga "t" kutsogolo: "an t-adhaltranas". Mukafuna kunena "cha chigololo", kumapeto kumasintha n'kukhala "adhaltranais". Mwana wanuyo ayang'anitsitse "i" wolowererayo polemba.

Muzu wake ndi Chilatini, "adulter", wachigololo. Chilatini chinafika ku Ireland ndi Chikhristu m'zaka za m'ma 400, nthawi ya Patrick Woyera, ndipo Chiairishi chakale chinaumbapo "adaltras" ndi "adaltrach".

Chimene chimandikhudza ine ndi "adaltrach". M'malamulo akale a Aairishi, amene ambiri analembedwa cha m'ma 700, mwamuna ankaloledwa mitala. Mkazi wamkulu ankatchedwa "cétmuinter", pamene wachiwiri ankamutcha "adaltrach". Taganizani, mayi: mkazi wodziwika kwa abale, wokhala ndi ufulu wake pamaso pa oweruza, ana ake olandira nawo chuma cha bambo awo, koma dzina limene wanyamula ndi la wachigololo. Ine ndimaona kuti m'liwuli muli mkangano wa tchalitchi ndi mwambo wa makolo. Mpingo unkakana mitala, oweruza ankaivomereza, ndipo mkazi ndi amene anasenza dzina loipalo.

Malamulowo ankadziwanso nsanje ya pamitala. Masiku 3 oyamba mwamuna akabweretsa wachiwiri, mkazi wamkulu akamuvulaza mnzakeyo, bola osamupha, sankalipitsidwa kanthu.

Lero tanthauzo la mkazi wachiwiri linatha. Mwana wanu akapeza "adhaltrach" m'buku la kusukulu, adziwe kuti akunena za wachigololo basi.