Kodi kompyuta ingasankhe utoto wobisa ndege yankhondo?

Bambo wina wandilembera pa imelo kufunsa chifukwa chimene ndege zambiri zankhondo zimapakidwira utoto wotuwa wosanyezimira, komanso ngati n'zoona kuti akatswiri amayamba auyesa pa kompyuta asanaupake. N'zoona, bambo, koma chimene amayesa kwenikweni si mtundu wa utotowo. Amayesa kusiyana kwa kuwala pakati pa ndege ndi thambo limene lili kumbuyo kwake, pakuti n'kumene diso limagwira.

Amayamba ndi kachitsulo kopakidwa utoto, kamene amakaunika ndi nyali kuchokera mbali zosiyanasiyana uku akulemba kuchuluka kwa kuwala kumene kakubweza ndi kumene kukulowera. Utoto wonyezimira umaponya kuwala mbali imodzi ngati kalirole, pamene wosanyezimira umakumwaza paliponse. Manambalawo amawaveka pa chithunzi cha ndege cha mu kompyuta, n'kuwonjezapo malo a dzuwa, mitambo ndi mpweya. Mpweyawu ndi wofunika kwambiri. Mu 1924 Harald Koschmieder, katswiri wa zanyengo wa ku Germany, anasonyeza ndi masamu mmene fumbi ndi nkhungu zimachepetsera kusiyanako mtunda ukamakula, monga mmene phiri la Mulanje limazimiririra mu utsi wa mu Okutobala. Chomaliza ndi diso la munthu, ndipo apa ambiri amadalirabe zimene H. Richard Blackwell, katswiri wa za kaonedwe ka maso wa ku America, anafalitsa mu 1946 atayesa kusiyana kochepetsetsa kumene munthu angathe kukuona. Kompyuta ikaphatikiza zonsezi imapereka mtunda umene ndegeyo ingayambe kuonekera.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti kuwerengera kotere kumatsutsa maganizo athu achibadwa. Mu 1941, ndege zambiri za Britain zosaka sitima zapansi pamadzi za Germany zinali zakuda kumimba, ndipo asilikali a m'sitimazo ankaziona zidakali kutali chifukwa masana thambo limawala kuposa ndege. Gulu la Patrick Blackett, wasayansi wa ku Britain, litawerengera, ndegezo zinapakidwa utoto woyera. Asilikali apamadzi a America anafika poika nyali kutsogolo kwa ndege ya Avenger kuti ifanane ndi thambo, ndipo inayandikira mpaka mamita pafupifupi 2,700 isanaonedwe, pamene yopanda nyali inkaoneka pa makilomita 19. Ngakhale usiku, ndege ya P-61 inapakidwa utoto wakuda wonyezimira, popeza wakuda wosanyezimira unkamwaza kuwala kwa nyali zosakira ndege n'kuonekera kwa amene ali pansi.

Choncho utoto wotuwa ndi wongolowa pakati, chifukwa palibe umodzi woyenera thambo lililonse. Ine ndimakhulupirira kompyuta pokhapokha ngati zotsatira zake zayesedwanso ndi maso a anthu pabwalo, popeza utoto umasuluka ndi dzuwa, umada ndi mafuta, ndipo galasi la pamene pamakhala woyendetsa likangophanima kamodzi, ndege yonse yadziwika.