Mlendo wofuna malo asathere kwa mfumu yokha

Mdzukulu wanga, wafunsa chomwe chingakope makampani akunja kuti adzakhazikitse ntchito kwanu ku Salima, ndipo watchula magetsi, misewu ndi madola. Sunaname. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo fakitale yodalira jenereta ya dizilo phindu lake limathera m'mafuta. Koma zimenezo n'za boma. Iwe ukadafunsa kuti mlendoyo akafika, za malo akambe ndi ndani. Ngakhale magetsi a dzuwa a mamegawati 60 adatsegulidwa ku Nanjoka mu 2021 aja adayamba n'kufuna malo.

Kale wofuna malo sankalunjika kwa mfumu. Ankapeza wom'perekeza wa m'mudzi momwemo, nduna n'kukatula mawu, mfumu n'kuitana eni mbumba. Paja kwathu kuno munda ngwa mayi ndi ana ake aakazi. Malume amangoyang'anira, mkamwini ndiye alibe mawu. Akamvana, m'mawa mwake onse ankayenda m'malire, kuchoka pachulu, kudzera pamlambe, kukafika kumtsinje, uku akudzala khonje kapena nkhadze. Ana ankawatenga dala kuti adzakhale mboni akuluakulu akadzatsamira mkono. Manda, dambwe, chitsime ndi njira ya ng'ombe ankazitchula mokweza kuti izi zokha ayi. Kenako nkhuku inkafa, anthu n'kudyera pamodzi, ndipo wodya nawo sankadzatsutsa mawa.

Inu lero nkhani mumaithera m'galimoto ndi pa WhatsApp. Mfumu yalandira kangachepe, mkamwini wasaina. Pakapita zaka ziwiri malume atulukira kuchokera ku Joni, khothi lapereka chiletso, makina aima, ngongole ya kubanki ikungobereka. Eni ndalamatu amauzana, ndipo dera lotero amalilambalala ngakhale msewu wake ukhale wa tala.

Usade nkhawa, mwambowu sudafe, lamulo lidautola. Lamulo la malo a makolo la Customary Land Act la 2016 limati pakhale komiti ya malo: wapampando ndi a gulupu, mamembala osankhidwa 6, ndipo osachepera 3 akhale amayi. Wakunja malowo sagula, amachita kubwereka, ndipo khomo lake ndi bungwe la boma lothandiza ofuna kukhazikitsa bizinesi m'dziko muno la Malawi Investment and Trade Centre.

Ndiye chako n'kuonetsetsa kuti komitiyo ilipodi, osati papepala pokha. Malire ayendedwe ndi mapazi wopima malo asanakhome zikhomo. Nyumba, nkhokwe ndi mtengo uliwonse wa mango ziwerengedwe mwini wake ali pomwepo, chipukutamisozi chiperekedwe thirakitala isanalowe, chifukwa mtengo ukagwa palibe amavomera kuti udalipo. Malonjezo a ntchito ndi mijigo alembedwe ndi chiwerengero chake ndi tsiku lake, awerengedwe pabwalo m'Chichewa, kalata imodzi ikhale kwa mfumu, ina kwa DC, ina kwa amayi a m'komiti.