Penshoni ya antchito: kudula n'kosavuta, vuto ndi kutumiza

Bambo wina amene ali ndi sukulu ya pulaiveti ku Lunzu wandilembera kalata. Akuti ali ndi antchito 14 ndipo amawadula ndalama ya penshoni mwezi uliwonse, koma makolo akachedwa kulipira fizi, iyenso amachedwa kutumiza, nthawi zina miyezi itatu. Tsopano mphunzitsi wina wasiya ntchito, wapita kukampani yosunga penshoni, ndipo wapeza miyezi ina ilibe kanthu. Funso lawo ndi lakuti: kodi lamulo latsopano la penshoni la 2023 lindipeza wolakwa, nanga ndisunge mapepala ati?

Bambo, ndikuyankheni mosapita m'mbali. Inde, mwalakwa, ndipo munalakwa ngakhale pa lamulo lakale. Lamulo la penshoni la 2011 ndi limene linakakamiza olemba ntchito kuikako 10 peresenti ya malipiro a wantchito, wantchitoyo n'kuikako 5 peresenti. Ndalamazo zimayenera kufika kwa osunga penshoni pasanathe masiku 14 mwezi ukatha. Lamulo la 2023, limene linalowa m'malo mwa lakalelo, silinachotse udindo umenewu. Woyang'anira zonsezi ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo ofesi yake yakhala ikudandaula za mabiliyoni a kwacha amene olemba ntchito sanatumize.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anzanga ambiri a bizinesi. Iwo amaitenga 5 peresenti ija ngati ndalama ya m'kabati, yoti angabwerekeko pogula choko kapena kulipira magetsi. Ayi ndithu. Mukangoidula, ndi ya mphunzitsiyo, inu mwangoigwirizira. Ndiponso mwezi uliwonse imene yagona kwa inu, iye akutaya phindu limene ikanabereka kuthumba la penshoni.

Chimene chasintha mu 2023 n'chakuti antchito akufika msanga pa ndalama zawo. Kale munthu akachoka pa ntchito ankadikira miyezi 6 asanapemphe ndalama zake, pano ndi miyezi 3 basi. Wopuma pa ntchito ankatenga 40 peresenti nthawi imodzi, pano ndi 50. Ndiye kuti mabowo a m'mabuku anu, amene kale ankabisika zaka, akuonekera msanga. Mphunzitsi wanuyu ndi woyamba chabe.

Za mapepala tsono. Wantchito aliyense akhale ndi fayilo yake: kalata yomulembera ntchito yoonetsa tsiku limene anayamba, kope la chiphaso cha unzika, nambala yake ya penshoni, ndi payslip ya mwezi uliwonse yoonetsa zimene mwadula. Dzina lilembedwe ndendende mmene lilili pa chiphaso. Ndaonapo munthu akuyenda ulendo wa ku Blantyre katatu chifukwa pena analemba dzina la bambo ake, pena la mwamuna wake. Mukatumiza ndalama, risiti ya ku banki muiphatikize ndi mndandanda woonetsa kuti yakutiyakuti ndi ya yani. Ndalama yotumizidwa popanda mndandanda imangokhala poyembekezera, osalowa mu akaunti ya munthu aliyense, ndipo mwina ina mwa miyezi yosowayo yagona pamenepo.

Ziwiri zimene eni masukulu amakonda kuiwala: inshulansi ya moyo ya wantchito aliyense, yosachepera malipiro ake a chaka chimodzi, ndi fomu imene wantchito amalembapo oti adzalandire ndalama iye akamwalira. Fomuyi aziionanso akakwatira, banja likatha kapena mwana akabadwa, chifukwa mikangano ya pamaliro imayambira pamenepo.

Sabata ino pitani kwa osunga penshoni anu, mupemphe sitetimenti ya antchito onse 14, muifananize ndi mabuku anu mwezi ndi mwezi. Pamene pali ngongole, pemphani kuti akuwerengereni pamodzi ndi chilango chake, mugwirizane molemba za kabwezedwe. Yambani ndi ya mphunzitsi wachokayo, popeza miyezi itatu yoti adikire asanapemphe ndalama zake yayamba kale kuwerengedwa.