N'chifukwa chiyani njanji ya tramu imadutsa pakati pa msewu?

Mwandilembera pa imelo kuti mwaona sitima zamumzinda zija amati tramu, ndipo mukudabwa kuti bwanji njanji yake amaiyala pakati penipeni pa msewu, okwera n'kumavutika kuwoloka, m'malo moiika m'mbali.

Choyamba kumbukirani kuti tramu ilibe chiwongolero. Basi ikapeza lole itaima ikutsitsa katundu, imangoilambalala. Tramu imaima pomwepo, anthu onse ali m'katimo n'kumadikira. Tsono m'mbali mwa msewu ndi momwe muli chipwirikiti chonse: magalimoto oimikidwa, mageti a nyumba, ena akukhotera m'tinjira. Pansi pakenso nthawi zambiri pamadutsa mapaipi a madzi ndi nthambo za magetsi, ndiye paipi ikaphulika pansi pa njanji, matramu onse aima mpaka okumba amalize.

Palinso apanjinga. Njanji ya mumsewu imakhala ndi kangalande moyenda mlomo wa gudumu, kuti isatumphuke pamwamba pa tala. Anaipanga ndi katswiri wa ku France, Alphonse Loubat, mu 1852. Kangalandeko n'kokwana bwinobwino teyala la njinga, ndipo likangolowamo chotsatira njanji, munthu ali pansi. Ine ichi chokha chimandikwanira kuti njanji italikirane ndi m'mbali.

Koma chimene chimawasowetsa tulo mainjiniya ndi makhona. Matramu ambiri amakono amafuna khona lotambasuka ngati chigawo cha bwalo lomwe kuchoka pakati kufika m'mphepete ndi mamita pafupifupi 25. Njanji ikakhala pakati pa msewu, malo okhotera amapezeka osagumula nyumba ya pakona. Khona likathina, gudumu lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lam'kati, chitsulo n'kumakhuzana ndi chitsulo. Phokoso lakuthwa lomwe tramu imachita pokhota limachokera pamenepo, ndipo njanji imaperepeseka msanga. Ku Toronto, m'dziko la Canada, njanji zakale zimakhota pa mamita 11 okha, komanso zitsulo ziwiri za njanjiyo n'zotalikirana mamilimita 1,495 m'malo mwa 1,435 ya m'maiko ambiri, choncho matramu awo amachita kuwapangira mwapadera.

Dandaulo lanu la owoloka n'lomveka ndithu. Mankhwala ake ndi siteji yotakata pakati pa msewu, ndi maloboti opatsa oyenda pansi nthawi yokwanira. Ku Addis Ababa, komwe sitima zotere zinayamba mu 2015, mbali ina ya njanji anaikweza m'mwamba kuti isalimbane ndi magalimoto pamphambano. Sitima imadutsa mosaima, koma gogo wonyamula katundu ayenera kukwera kaye pamwambapo kuti aipeze.