Wafomata, inde, koma mayina a odwala anu akadali momo

Mayi wina amene ali ndi kachipatala kawo ku Zomba andilembera imelo sabata yatha. Agula makompyuta atsopano, ndiye pa akale 8 akufuna 3 apatse antchito, otsalawo agulitse. Mnyamata amene amawakonzera makina wawauza kuti wafomata onse, mtima ukhale m'malo. Akufunsa ngati zimenezo zakwana.

Sizinakwane, mayi. Chonde makompyutawo asayambe atuluka pa geti. Mundipirire pang'ono ndisanafike pa zoti muchite, chifukwa funso lanuli landigunda pa chilonda chimene ndakhala nacho zaka zambiri.

Nthawi imeneyo ndinali ndi kashopu ku Limbe, kotayipa makalata, kupanga fotokope ndi kusindikiza ma CV a anyamata ofuna ntchito. Bungwe lina linatseka pulojekiti yake, katundu n'kumugulitsa pa okushoni: matebulo, mipando, njinga zamoto, makompyuta. Ndinagula awiri. Nditafika nawo pa shopu ndinayatsa, ndinapeza Windows yatsopano, mulibe fayilo ngakhale imodzi. Ndinakondwa kuti ndagula kwa anthu osamala.

Patapita mwina mwezi, mtsikana amene ankandithandiza kutayipa anadilita mwangozi lipoti la kasitomala, masamba ambirimbiri, mwini wake akubwera mawa lake. Anali kulira. Ndinamuuza kuti apite kunyumba, ine ndinatenga Recuva, kapulogalamu kaulere kobwezera mafayilo otayika, n'kukasiya kakufufuza usiku wonse. M'mawa lipoti lija linalipo. Koma pansi pake panandandalika mafayilo ena mazanamazana opanda mayina omveka, manambala okhaokha. Ndinatsegula imodzi poganiza kuti ndi ntchito yathu yakale.

Inali ndandanda ya mu Excel. Dzina, mudzi, mfumu yaikulu, zaka zakubadwa, nambala ya foni, tsiku loyezetsa magazi, zotsatira, tsiku loyamba mankhwala. Ndikanatseka pomwepo, koma sindinatseke. Maso anathamangira kumene kunalembedwa dera la kwathu, ndipo pa mzere wina ndinapeza dzina la mayi amene ndimawadziwa, amene ndinadyapo nsima m'nyumba mwawo ndili mwana.

Mayi amenewo sanandiuze ine za thupi lawo. Anauza namwino m'kachipinda, chitseko chili chotseka, atalonjezedwa kuti nkhaniyo ithera momwemo. Lonjezo limenelo linagulitsidwa pa okushoni pamodzi ndi mipando, ndipo ndinaligula ndine. Mpaka lero tikakumana pa maliro kapena pa ukwati ndimagwada kuwapatsa moni, iwo n'kundifunsa za ana, ine mumtima ndikudziwa chimene sanafune kuti ndidziwe. Sindinauzepo munthu dzina lawo, ngakhale mkazi wanga. Koma madzi akatayika sawoleka, ndipo chimene ndinawerenga tsiku lija sichidzatuluka m'mutu mwanga.

Ndinaimbira foni a bungwe lija. Amene anayankha sanali munthu woipa, anangoti, "Achimwene, tinafomata onse, ndipo pali fomu yosainidwa." Ndinawakumbutsa kuti pa okushoni paja makompyuta anali ambiri, ogula ena sindikuwadziwa. Anati ayang'ana. Sanandiimbirenso.

Mawu akuti "tinafomata" ndi amene ndimadana nawo kwambiri pa ntchito ino. Mukadilita fayilo, kapena mukachita kufomata kwachangu kumene kumachitika poika Windows yatsopano, kompyuta siyikhudza zimene zinalembedwazo. Imachita ngati mwini nyumba za lendi amene wafufuta dzina la lendi m'kabuku kake n'kulemba kuti chipinda chilibe munthu, pamene katundu yense ali momo, bedi, mapoto, makalata. Katunduyo amachoka pokhapokha wina akalowa n'kuika wake pamalo omwewo. Hard disk, chipangizo chosungira mafayilo mkati mwa kompyuta, ikakhala yaikulu, zipinda zambiri zimatha zaka osalowamo wina. Recuva, PhotoRec ndi anzake amangoyenda khomo ndi khomo kusuzumira. Sizifuna katswiri. Mwana wa Fomu 3 wokhala ndi bandulo akhoza kuphunzira madzulo amodzi.

Musaganize kuti ndi umphawi wathu kapena kusaphunzira. Mu 2003 Simson Garfinkel ndi Abhi Shelat a ku yunivesite ya MIT, ku America, anafalitsa zimene anapeza atagula ma hard disk 158 ogwiritsidwapo kale ntchito. Ma disk amene ankagwirabe ntchito analipo 129, koma ofufutidwa bwinobwino anali 12 okha. Mwa enawo anapezamo manambala a makadi a ku banki zikwizikwi, zolemba za kuchipatala ndi makalata a anthu. Patapita zaka pafupifupi 20, mu 2022, banki ya Morgan Stanley inalipitsidwa chindapusa cha madola 35 miliyoni ndi SEC, bungwe la boma la America loyang'anira misika ya masheya. Inapatsa ntchito yochotsa makina akale kampani yosamutsa katundu imene inalibe luso lofufuta deta, ma disk ena n'kukapezeka akugulitsidwa pa intaneti zinthu za makasitomala zili momo. Anthu okhudzidwa anali pafupifupi 15 miliyoni. Vuto lawo linali lofanana ndi la bungwe langa lija: bwana anasiyira wina, winayo anati zatheka, palibe anapita kukaona ndi maso.

Apa ndiye ndinene mosapsatira. Zimene zili m'makompyuta anuwo si zanu, mayi. Makinawo ndi anu, munagula ndi ndalama zanu, koma mayina, matenda, mimba, ngongole za mankhwala, zonsezo munangosungitsidwa. Munthu wosungitsidwa mbuzi sayigulitsa pamodzi ndi khola. Ndipo ine ndafika poti hard disk imene inasungapo za odwala, za ngongole kapena za malipiro a antchito isamagulitsidwe n'komwe. Ichotsedwe, iphwanyidwe, kompyutayo igulitsidwe yopanda disk kapena muikemo ina. Ndikudziwa kuti ndalama ikuvuta ndipo mtengo utsikako. Koma yerekezani kandalama kameneko ndi tsiku limene ndandanda ya odwala anu idzayambe kuzungulira m'magulupu a WhatsApp a ku Chinamwali. Ndani adzabwerenso kudzayezetsa kwa inu? Kuwonjezera apo, dziko lino tsopano lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, ndipo MACRA ndi imene inapatsidwa udindo woliyang'anira. Nkhani za umoyo wa munthu lamuloli limaziika m'gulu la zofunika kusamalidwa mwapadera. Ngakhale lamulo kukanakhala kulibe, maganizo anga akanakhala omwewa.

Atatu opatsa antchito aja ndi amene akundidetsa nkhawa koposa. Mlendo wogula kompyuta sadziwa odwala anu. Wantchito wanu amawadziwa, ndipo kompyuta ikafika kunyumba agwiritsa ntchito ndi mwamuna wake, mlamu wake, mwana wa mlongo wake. Zomba ndi tawuni yaing'ono.

Ndisanaiwale, si makompyuta okha. Mafotokopiya akuluakulu a m'maofesi ambiri amakhala ndi hard disk mkati, ndipo ena amasunga zithunzi za mapepala amene anadutsamo. Izi ndinazidziwa mochedwa, nditagulitsa kale fotokopiya yanga yoyamba, imene inajambula ziphaso, masatifiketi ndi makalata a kubanki a anthu osawerengeka. Sindikudziwa kumene ili lero, ndipo zimandipweteka chifukwa kulakwa kumeneko ndi kwanga. Mafulashi amene amangogona m'madirowa, kabokosi kojambulira makamera a chitetezo, foni ya pa risepushoni imene odwala amatumizirako zotsatira zawo, zonsezo ziwerengereni limodzi.

Palinso ena amene adzakuuzani kuti disk iyenera kufufutidwa maulendo 35, n'kukutchajani ndalama zambiri. Nambala imeneyo inachokera kwa Peter Gutmann wa ku New Zealand mu 1996, pa ma disk a nthawi imeneyo. Malangizo a boma la America a kafufutidwe ka deta otchedwa NIST 800-88, amene makampani ambiri amatsata, amavomereza kuti pa hard disk za masiku ano kulemba pamwamba kamodzi, malo onse, n'kokwanira pa ntchito ngati yanuyi.

Zoti muchite

Ngati simufuna kuphwanya ma disk monga ndalangizira, choyamba dziwani mtundu wa disk ya kompyuta iliyonse. Ngati ndi yakale ija yokhala ndi mbale zozungulira mkati, mnyamata wanu aike pulogalamu yofufutira disk, ShredOS kapena DBAN, pa fulashi, ayatsire kompyuta pamenepo, alembe maziro disk yonse. Mu Windows lamulo la "clean all" la mu kapulogalamu ka diskpart limachita zomwezo pa disk imene Windows siyikuyenderapo. Disk ya 1TB imatenga maola awiri kapena atatu, choncho sankhani tsiku la magetsi odalirika, akathima pakati muyambirenso. Ngati ndi SSD, disk yamakono yopanda mbale zozungulira, njira imeneyi musaidalire, chifukwa SSD imasuntha deta yokha ndipo ili ndi malo ena amene kompyuta siyiwaona. Gwiritsani ntchito Secure Erase kapena Sanitize ya mu BIOS (menyu ya kompyuta imene mumalowamo Windows isanayake), kapena pulogalamu ya kampani imene inapanga SSD-yo. Akamaliza, ayendetse PhotoRec inu muli pomwepo, muone nokha kuti sipakutuluka kanthu. Lembani m'kaundula nambala ya siriyo ya disk, tsiku, njira ndi dzina la wochitayo. Pa makompyuta atsopanowo yatsani lero lomwe BitLocker, imene imakhoma deta kuti wopanda kiyi asaiwerenge.

Disk yakufa, yosayaka, musaitaye kudzala poganiza kuti yafa ndi zinsinsi zake. Mbale zamkatimo zimakhala zili bwino. Ibooleni ndi dirilo malo angapo mpaka mbalezo zibooke. Za m'malaputopu zambiri ndi zagalasi, zimathetheka, ndiye valani zoteteza maso. SSD maginito sayichita kanthu, muyenera kuswa tizidutswa takuda tonse ta mkati mwake, kamodzikamodzi.

Makompyuta awiri anga a pa okushoni aja sindinawafufute ndi pulogalamu iliyonse, mtima sunandilole kudikira. Tsiku lomwelo ndinakopera lipoti la kasitomala pa fulashi, ndinamasula ma disk onse awiri, ndinabwereka hamala kwa wowotcherera wa pafupi nane n'kupita nawo kuseri kwa shopu. Mtsikana uja anandifunsa chifukwa chake ndikuphwanya zinthu zogwira ntchito, ndinangomuuza kuti zinali ndi katundu wa eni ake. Shopu inakhala masabata awiri ikuyendera kompyuta imodzi yobwereka.

Mayi, mukatsegula makinawo ndipo simukudziwa ngati ndi SSD kapena ayi, jambulani chizindikiro cha pa disk munditumizire, ndikuuzani.